Za Kuzindikira Citsogozo ca Mulungu pa Ulendo

Madzulo ano tikamba za mbiri yakale, ndipo tiyambira pa malo ochedwa Msasa, kum'mawa kwa mzinda wa Harare, pa mseu waukuru wonka ku Marondera ndi ku Mutare. Njanji yocokera ku Beira, imene inafika mu mzindawu m'caka ca 1899, ipitanso pomwepo. Msasa ndi malo a mafakitale ndi nyumba zosungiramo katundu, ndipo m'mawa uli wonse kumafika anchito ocokera ku Mabvuku, ku Tafara, ku Epworth ndi ku Mbare. Pakati pao alipo ambiri amene mfunda zao ndi Phiri, Banda, Mwale ndi Nkhoma, adzukulu a anthu aja anacoka ku Nyasaland, ku Fort Jameson ndi ku Tete kukafuna nchito ku dziko limene makolo athu ankalichula Halale.

Dzina la malowa linacokera ku mtengo wa musasa, umene masamba ace aphuka ofiira m'miyezi ya August ndi September. Koma m'khutu mwa Mnyanja dzinali linena kanthu kena, pakuti kwathu msasa ndi kanyumba ka udzu kamene wapaulendo amanga kuti agonemo usiku umodzi kapena uwiri. Anthu athu anapita ku Halale ndi mtima wotere, kuti akagwire nchito zaka ziwiri, apeze ndarama za msonkho, bulangete ndi nsaru ya amai, ndipo abwerere kwao. Ena anabwereradi, koma ena zaka zinawapitirira, nasanduka machona. Boma la Nyasaland litafufuza nkhaniyi m'caka ca 1935, linapeza kuti amuna ngati 120,000 anali kunja kwa dziko lao.

Tsono munthu ali kumudzi, cikamgwera cinthu colemera, apita kwa atsibweni ace, kapena kwa anyakwawa, kapena kwa akuru a mpingo, ndipo iwo amuuza poponda. Koma ku komboni ya mgodi kapena pa purazi la fodya kunalibe atsibweni. Mnyamata wobatizidwa ku Mvera kapena ku Bandawe anaphunzitsidwa kuti Mulungu atsogolera anthu ace, ndipo anakhulupirira cimeneci ndi mtima wonse. Cobvuta cinali kudziwa mau a Mulunguyo pakati pa mau ena ambiri. Munthu alota maloto. Munthu amva mtima wace ukumkankha. Pafika mlaliki wacilendo wonena kuti Mzimu wamtuma. Nanga mwa zonsezi za Mulungu ndi ziti? Funsoli si la lero, ndipo mbiri ya maiko athu atatu itipatsa nkhani zitatu za apaulendo amene anakomana nalo.

Woyamba ndiye Bernard Mizeki, amene nayenso anali mlendo m'dziko la Mashona. Anabadwa ca m'ma 1861 kufupi ndi Inhambane, m'dziko la Mozambique, ndipo akali mnyamata anapita ku Cape Town kukagwira nchito. Usana anali pa nchito, usiku anali kuphunzira pa sukulu ya ansembe a mpingo wa Anglican, ndipo m'caka ca 1886 anabatizidwa. M'caka ca 1891 Bishopu George Knight-Bruce anafuna aphunzitsi oti apite naye ku Mashonaland, ndipo Bernard anadzipereka. Bishopuyo anamkhazika m'dziko la Nhowe, kwa mfumu Mangwende, kufupi ndi kumene kuli Marondera lero, mamailosi ngati 45 kucokera ku Harare pa mseu uja upita pa Msasa. Kumeneko anakhala zaka 5. Anaphunzira Cishona mpaka kucilankhula ngati mbadwa, analima munda wace, anaphunzitsa ana, nathandiza kumasulira mapemphero a mpingo. Kumayambiriro kwa caka ca 1896 anakwatira mkazi wa komweko, dzina lace Mutwa.

M'mwezi wa June caka comweco Amashona anaukira ulamuliro wa British South Africa Company. Zifukwa zao zinali zomveka: msonkho wa nyumba, kulandidwa ng'ombe, kugwiritsidwa nchito mokakamiza, ndiponso dzombe ndi mliri wa ng'ombe zimene zinagwera dziko pa nthawi imodzi. Aphunzitsi a mishoni anaoneka ngati anthu a Azungu, ndipo Bernard anali atakwiyitsa kale ena podula mitengo pa msitu umene eni dziko ankauyesa wopatulika. Abwenzi anamcenjeza kuti athawe. Zomuuza kuti athawe zinalipo, pakuti mkazi wace anali ndi pakati. Zomuuza kuti akhale zinaliponso. Bishopu anamuika pamenepo, ndipo panalibe mau omasula iye pa nchitoyo. Kwace kunalinso nkhalamba yodwala imene iye anali kuisunga, yosatha kuyenda. Bernard anasankha kukhala. Usiku wa pa 18 June 1896 anamturutsa m'nyumba namlasa ndi mkondo. Mkazi wace anampeza akali moyo, napita kukatenga cakudya ndi zofunda, koma pobwera sanampezenso, ndipo mtembo wace sunaoneke mpaka lero.

Taonani bwino m'mene munthuyu anaganizira. Sanadzichule mneneri. Anayang'ana nchito imene anapatsidwa poyera ndi mpingo, nayang'ana munthu wofooka amene anali m'manja mwace, ndipo pa ziwirizi anawerengapo cifuniro ca Mulungu. Sitinena kuti amene anathawa masiku amenewo anacimwa, iai. Mtumwi Paulo anathawa ku Damasiko atamtsitsa pa linga mumtanga, ndipo Paulo yemweyo pa nthawi yina anapita ku Yerusalemu abale akumdandaulira ndi misozi kuti asapite. Mulungu sauza anthu onse cinthu cimodzi. Koma tisunge ici, kuti mtengo wa cimene Bernard anasankha anaulipira ndi moyo wace wa iye mwini. Ophunzira ace anali owerengeka, ndipo woyamba wa iwo kubatizidwa, John Kapuya, anabatizidwa mphunzitsi wace atafa kale. Masiku ano m'mwezi wa June anthu zikwi zambiri amasonkhana kufupi ndi Marondera kukumbukira mlendo ameneyu.

Nkhani yaciwiri ndi ya abale athu enieni. Kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1900 anyamata a ku Nyasaland anali atacuruka mu Salisbury, m'migodi ndi m'mapurazi ozungulira mzindawo. Ambiri a iwo anali ataphunzira m'sukulu za mishoni zosiyanasiyana, ena a Livingstonia, ena a Blantyre, ena a mishoni ya Dutch Reformed Church ku Mvera ndi ku Nkhoma, ena a Zambezi Industrial Mission. Pa Sabata anali kusonkhana okha kupemphera ndi kuyimba m'cinenero cao. Koma panalibe wowabatiza, panalibe wowapatsa Mgonero, panalibe womanga maukwati, ndipo anali kuona anzao akulowerera m'mowa, m'njuga ndi m'zina za m'komboni. Onse anamva mu mtima kuti Mulungu afuna kuti pacitike kanthu.

Apa mpamene panali poterera. Kukadakhala kwapafupi kuti mmodzi wa iwo, wodziwa kuwerenga ndi kulankhula, aimirire nati Mulungu wandisankha ine, nditsateni. Iwo sanatero. Anakhala pansi nakambirana, Mtonga, Mngoni, Mcewa ndi Myao pamodzi, ndipo anapangana kutuma anzao kumudzi kukapempha mbusa kwa mipingo imene inawabala. Mbiri ya mpingowo inena kuti amithengawo anayenda pansi mpaka ku Mvera, ulendo wa mamailosi oposa 400, wodzera ku Tete ndi kuoloka Zambezi, m'njira ya zirombo, ya njala ndi ya acifwamba. Yankho silinaturuke tsiku lomwelo, cifukwa nao akuru a mishoni anayamba akambirana kuti aone woyenera kusenza nchitoyi. Kuona maso a nkhono nkudekha. M'caka ca 1912 mbusa T. C. B. Vlok anafika mu Salisbury kudzakhala pakati pao.

Naye Vlok anali ndi cosankha cace colemera. Iye ndiye anayamba mishoni ya Mvera pamodzi ndi A. C. Murray m'caka ca 1889, ndipo m'caka ca 1896 anayamba mishoni ya Nkhoma. Atagwira nchito zaka 23 m'dziko limenelo, nayamba kuona zipatso zace, anasiya zonse napita kukayambanso kwina pakati pa anthu obalalika, a lero pano mawa apo. Cimene cinamsuntha ndico pempho la anthu osowa ndi cibvomerezo ca anzace a mu mpingo. Anayendera nkhosa zace m'migodi ndi m'mapurazi zaka zoposa 20. M'zaka zimenezo Buku Lopatulika lathunthu m'Cinyanja linaturuka, m'caka ca 1922, ndipo machona anapeza muyeso woti asunge m'bokosi mwao ndi kuwerenga okha. Mipingo ya Livingstonia ndi Blantyre inagwirizana m'caka ca 1924 kukhala Church of Central Africa Presbyterian, Nkhoma nalowamo m'caka ca 1926, ndipo m'caka ca 1965 mpingo uja unayamba ndi anchito osonkhana pa Sabata unakhala Sinodi payokha, imene lero ichedwa Sinodi ya Harare.

Kuti timve nkhani yacitatu, tioloke Zambezi kunka kumpoto, ku Northern Rhodesia, kumene anyamata ena a ku Nyasaland anali kupita ku mgodi wa Broken Hill, umene lero ndi Kabwe. Mmodzi wa iwo anali Tomo Nyirenda, wa kumpoto kwa Nyasaland, amene anaphunzira zaka zingapo ku Livingstonia. Sanali mbuli, ndipo Mau a Mulungu anawadziwa. M'caka ca 1925 anabatizidwa ndi mlaliki wa Citawala, mmodzi wa alaliki amene masiku amenewo anali kuyenda okha popanda wowayang'anira, ndipo iye anayamba kulalikira ndi kubatiza pakati pa Alala m'dziko la Mkushi. Anthu anamkhamukira, pakuti anali kuwauza za dziko latsopano lopanda msonkho, lopanda matenda ndi lopanda ufiti. Posacedwa anayamba kunena kuti ali ndi mphamvu yozindikira mfiti pozimiza m'madzi a ubatizo, ndipo anthu anamucha Mwana Lesa, ndiko kunena kuti Mwana wa Mulungu. Iye sanalikane dzinalo.

Poyamba anali kungoloza mfitizo. Koma atagwirizana ndi mfumu yina ya Alala, dzina lace Shaiwila, kuloza kunasanduka kupha, ndipo anthu olozedwawo anamizidwa m'mitsinje mpaka kufa. Ataoloka malire kulowa m'dziko la Congo, anthu oposa 100 anaphedwa m'njira yomweyo. Anagwidwa, naweruzidwa, ndipo m'caka ca 1926 iye ndi Shaiwila ananyongedwa ku Broken Hill. Zonsezi, kucokera pa ubatizo wace kufikira pa imfa yace, zinacitika m'nthawi yosakwana zaka ziwiri.

Sititha kulowa mu mtima wa Tomo Nyirenda, ndipo kapena iye anakhulupiriradi kuti atumidwa. Mabvuto amene anawaona pakati pa anthu anali enieni, monganso mabvuto amene anyamata a ku Salisbury anawaona. Kusiyana kwace kuli pa njira. Iye sanapite kwa munthu ali yense kukayesa zimene anamva. Yemwe anamcirikiza anali mfumu yofuna kucotsa adani ace. Buku lomwe iye analinyamula liletsa kupha, koma mau a mu mtima mwace anakula kuposa Bukulo. Ndipo amene analipira mtengo wa uneneri wace anali anthu ena, makamaka okalamba ndi opanda owateteza.

Tsono tiike nkhani zitatuzi pamodzi. Poyamba tione zinthu zimene sizitithandiza kuzindikira. Khamu la anthu si cizindikiro, pakuti Tomo anali ndi makamu ndipo Bernard anali ndi ana owerengeka. Cikomekome ca mkuyu, m'kati muli nyerere. Kuyenda bwino kwa zinthu si cizindikiro, ngakhalenso imfa, pakuti onse awiri anafa imfa yowawa. Kutentha kwa mtima nako si cizindikiro, cifukwa munthu wonyengedwa amatsimikiza koposa munthu woona. Maloto sitiwanyoza, popeza m'Malembo alimo anthu amene Mulungu anawacenjeza m'tulo, koma loto lifunika kuyesedwa monga ciyesedwa cina ciri conse.

Zimene zithandiza, mbiriyi itionetsa zinai. Coyamba ndico kugwirizana ndi Mau olembedwa. Mulungu sadzitsutsa, ndipo mau ali onse okuuzani kupha, kuba, kusiya mkazi wanu, kapena kunenera mnzanu ufiti popanda mboni, si ace, ngakhale abwere ndi kunjenjemera kotani. Caciwiri ndico kulola kuti abale aziyese. Mwana Samueli atamva kuitana usiku, anathamangira kwa Eli wokalamba, ndipo Eli ndiye anamzindikiritsa Woitanayo. Atumwi atasiyana maganizo pa za anthu a mitundu yina, anasonkhana ku Yerusalemu namvana. Mutu umodzi susenza denga. Koma abalewo akhale anthu otha kukuuzani iai, osati opindula ndi inde wanu, monga Shaiwila. Cacitatu ndico kupirira nthawi. Anyamata a ku Salisbury anayenda, nadikira, ndipo cimene anapempha cikalipo zaka zoposa 100 zitapita. Mau okufulumizani kuti mucite lero lomwe, musanafunse munthu, muwaope. Cacinai, cimene ciri cacikuru, ndico kufunsa kuti katunduyu adzamsenza ndani. Bernard anasenza yekha. Amithenga aja anapereka mapazi ao. Vlok anasiya nchito imene anaikonda. Koma Tomo anasenzetsa ena. Pamene mau mwamvawo akweza inu ndi kulemetsa anzanu, bwererani mukafunsenso.

Adzukulu a machona sanasiye kukomana ndi mafunso otere. Kuyambira m'caka ca 2000 mapurazi ambiri a ku Zimbabwe analandidwa, ndipo anchito ace, amene ambiri anali a mtundu wa ku Malawi, ku Zambia ndi ku Mozambique, anasowa nchito ndi pokhala pomwe. Lamulo la m'caka ca 2001 linasiya ambiri a iwo opanda unzika wa dziko liri lonse, kufikira Malamulo atsopano a dziko a m'caka ca 2013 anabvomereza kuti wobadwira m'Zimbabwe, kholo lace lili la dziko loyandikana nalo la m'cigawo cino, ndi nzika. M'caka ca 2005 nyumba zambiri za m'makomboni a Harare zinagwetsedwa. Pa nthawi zonsezi atate ndi amai anagona osagona, kufunsa ngati abwerere kumudzi kumene sanakuonepo, kapena akhale, kapena atsike ku Joni. Ndipo pamene anthu athedwa nzeru, aneneri sacedwa kufika, ena oona mtima, ena ogulitsa madzi ndi mafuta, ena oloza apongozi kapena agogo kuti ndiwo atseka mwai wa pa banja.

Inu amene muli pa mphambano yotere, kaya ku Mabvuku, kaya ku Matero, kaya ku Ndirande, musayese kuti Mulungu wakhala cete cifukwa simunaone masomphenya. Kawirikawiri citsogozo cace cidzera m'zinthu zapafupi: nchito imene muli nayo kale m'manja, munthu wofooka amene adalira inu, Mau amene muwerenga, ndi uphungu wa akuru oopa Mulungu. Pempherani, werengani, funsani, ndipo dikirani pang'ono. Mukatero, kapena simudzapeza njira yopanda minga, pakuti Bernard Mizeki sanaipeze, koma simudzapweteka mnzanu m'dzina la Mulungu. Safunsa anadya phula.